Kwebeki ya Petronela

Mlongoti wa a Kalisto unkaonekera patali, munthu ukadali m'minibasi: nsungwi zitatu zolumikiza, waya wake utatambalala ngati poyanika mitambo ya ku Michiru. M'Chilomoni monse ankadziwa kuti mkuluyu, amene anagwirapo ntchito m'sitima zapanyanja, amacheza pa wailesi ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Eniakewo sankalola kuti wina aiwale.

Koma m'mawa uwo wa mu Juni 2013, chiperoni chitakuta phiri, wailesi inali duu. Mnzawo Che Hussain, wokonza mawailesi ndi makompyuta ku Mbayani, ankasuzumira kompyuta yakale, magalasi atatsetserekera pamphuno.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, a Kalisto akamayankhula, akazi awo a Petronela ndiwo ankalemba mu pulogalamu yosungira machezawo: tsiku, nthawi, dziko. Abambowo sanakhudzepo batani. Atatsala pang'ono kutsirizika m'chipatala, mayiwo ananong'ona: "Za ulendo wokaona nyanja munkandilonjeza uja, yankho ndasiya m'kompyutamo." Ulendowo sunachitike, ndipo a Kalisto sankadziwa ngati akazi awo anapita ndi chakukhosi. Tsopano pulogalamuyo inkafunsa dzina la pawailesi la mwini wake. A Kalisto akalemba lawo, inkatsegula tsamba loyera mbee.

"Ine ndinadzutsapo injini pakati pa nyanja, mafunde ali ngati phiri la Soche," anatero a Kalisto. "Kabokosi aka kandikane?"

"Munkasenda mbatatesi m'sitimamo, a Kapiteni, tisanamizane," anayankha Che Hussain. "Fayilo ilipo, yonenepa bwinobwino. Kungoti imatsegukira mwini dzina yekha. Inuyo sikukudziwani."

"Sikundidziwa? Ku Japani amandidziwa!"

"Ndiye kaitaneni a ku Japaniwo. Apo ayi, tatchulani dzinalo momwe munkatchulira mayi ali pambalipa."

A Kalisto anagwira maikolofoni yozima, natsinzina. Anamva ngati kampando ka akazi awo kakumanzere kalira, ngati fungo la sopo wa a Petronela lalowa ndi nkhungu pawindo. Mawu anatuluka okha, okoka ngati nyimbo: "Seveni, Kwebeki, Seveni..."

"Imani pomwepo. Kwebeki imayamba ndi chiyani?"

"Q. Pawailesi Q timaitchula kuti Kwebeki, ndipo mayina a ife a mawailesi ku Malawi kuno onse amayamba ndi 7Q."

"Q mumaidziwa inu oyendayenda. Nanga mayi a ku Nsanje, amene kwaya ankaimba ija imayamba ndi K?"

Che Hussain anafufuta Q, naika K. Kompyuta inang'ung'udza, kenako maiko anayamba kutsika pagalasi ngati mvula yowaza: Brazili, Omani, Japani, Chile. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali kabokosi ka ndemanga, ndipo palibe kamene kanali kopanda mawu.

"Brazili. Awauza kuti mlongoti ndi wachitsulo," anawerenga Che Hussain, akugwira nthiti. "Japani. Aseka limodzi, koma sanamvane ndi liwu limodzi lomwe."

"Pitani kumunsi, achimwene," anatero a Kalisto motsitsa.

Mzere womaliza unali wa m'Febuluwale. Che Hussain anauyang'ana, nadzuka, nakaima pakhomo kuonerera nkhungu. A Kalisto anasendera, chala chikutsata zilembo.

"Norowe. Mzunguyu akuti ali m'boti, ndipo madzi ndawamva akumenya thabwa. Ndatsinzina, mapazi anyowa. Bambo a kunyumba, musamazungulire nkhani ya nyanja ngati mwandilakwira. Ndafikako kambirimbiri, pakampando kano, chikhalirecho inu muli kunama."

Anawerenga kawiri. Kachitatu zilembo zinayamba kusambira.

"Ndikonze dzinali?" anafunsa Che Hussain ali pakhomo pomwepo. "Ndi kanthu kochepa, ndingobwezera Q."

A Kalisto anapukuta galasi la kompyuta ndi mkono wa juzi, pang'onopang'ono.

"Isiyeni," anatero. "Ndiphunzira kulemba momwe ankamvera."