Mtsempha wa Amalume

Ndinalota chigongono changa chakumanja chitagulukanso. Ndinkatulutsa mwana wanga Mwandida m'beseni losambira, mkono n'kungoti gwede, kuyamba kulendewera ngati suli wanga. Mwanayo anagweramo m'madzimo koma sanalire. Anangondiyang'ana.

Ndinapita kuchipatala nditaufukata mkonowo. Namwino ananditsegulira chipinda cha opaleshoni, ndipo m'kati mwake munali chigafa cha fodya. Pamikangala panalibe masamba. Panapachikidwa mitsempha ya anthu, yoyera mbee, ikudontha madzi.

Dokotala anali wamtali, nkhope atakulunga ndi nsalu mpaka m'maso. Anandigoneka pathebulo lozizira n'kupinda mkono wanga uku ndi uku.

"Mayi, mtsempha womanga mafupa a pachigongono panu unaduka kalekale," anatero. "N'chifukwa chake chimaguluka. Tiikapo wina."

"Muutenga kuti, adokotala?"

"Timatenga m'thupi la mwini wake."

Anafufuza pamkono wamanzere, anafufuza kuseri kwa bondo, kenako anapukusa mutu. "Inu mulibe wapadera."

Ndinaloza yopachikidwa ija.

"Imeneyo ili ndi eni ake," anatero. "Abwera kudzatenga."

Pamenepo analowa amalume anga a Lufeyo, omwe ankapha mbuzi pamsika wa kwathu. Anamwalira ine ndili namwali. Anavala malaya omwe tinawaika nawo m'manda, atasitidwa bwinobwino.

"Mwaswera bwanji, amalume?" ndinawapatsa moni.

"Kumene ndikuchokera sitiswera, Nangozo," anandiyankha. Anapinda malaya mpaka paphewa n'kupereka mkono wawo kwa dokotala. "Tengani wangawu. Uyu ndi mwana wa mlongo wanga."

Dokotala anausolola monga mmene timasololera ulusi wa thumba. Magazi sanatuluke. Mkono wa amalume unafota pomwepo, iwo n'kuupisa m'thumba la buluku.

"Ndi wolimba, sunataye kanthu chibadwire," anandiuza. "Koma sunazolowere kukhala chabe. Uziupatsa ntchito."

Ndinafuna kufunsa kuti ntchito yanji, koma namwino anandiika chala pamilomo. Dokotala anang'amba khungu langa n'kuyamba kuboola fupa ndi kachitsulo kolira ngati njuchi. Ululu sindinamve. Ndinangomva fupalo likuyankhula ndi mawu anga omwe, motsitsa.

"Mayi, akanizeni. Bola tiziguluka."

Dokotala analowetsa mtsempha uja m'mabowo, anaukoka mpaka mafupa anakumana, anamanga mfundo n'kusoka khungu. Fupa linakhala chete.

"Tiuyese tsopano," anatero.

Namwino anabwera ndi Mwandida, akadali wonyowa. Ndinasangalala, chifukwa panali patapita nthawi ndisanamunyamule mopanda mantha. Mkono unatambasuka ndisanautume. Sunamugwire m'khwapa monga ndimachitira. Unamugwira pachibwano, n'kumupendeketsa mutu cham'mbuyo mpaka khosi linaonekera lonse. Unachita zimenezi mwaulemu, mosafulumira.

"Siya mwanayo," ndinauuza mkono.

Sunamve. Ndinayesa kuupinda, koma chigongono chinali chitalimba ngati mpini. Namwino anayala masamba a nthochi pansi pa thebulo, anaikapo mbale yopanda kanthu, kenako anatsegula dzanja langa lamanzere n'kuikamo mpeni.

"Amalume, tengani chinthu chanu!" ndinakuwa.

"Chingabwezedwe bwanji chosokedwa kale?" anatero iwo, akutuluka pakhomo.

Dokotala ankasamba m'manja atandifulatira. "Opaleshoni yayenda bwino," anatero. "Sichidzagulukanso."

Mwandida anameza malovu. Ndinaona kakhosi kake kakukwera n'kutsika, ndipo dzanja langa lamanzere linayamba kunyamuka kuti lithandize linzake.

Ndinadzidzimuka ndili m'wodi, dzuwa likulowa pazenera. Mkono unali m'mabandeji kuchokera paphewa mpaka m'zala. Bambo a Mwandida anaima pafupi ndi bedi, mwanayo ali m'manja.

"Mwadzuka, mayi a Mwandida? Adokotala akuti zonse zayenda bwino. Mwanayu wakhala akukulirirani."

Anawerama kuti amukhazike pambali panga.

"Musamuike kuno," ndinatero. "Tulukani naye panja."

"Bwanji kodi?"

Ndinkayang'ana chala changa chachikulu. Chinali chitatuluka m'bandeji chokha, chikusisita m'mphepete mwa chitsulo cha bedi pang'onopang'ono, kuyesa ngati n'chakuthwa.