Malo Otsala pa Benchi

"Usadine chilichonse," anatero achimwene ake. "Chotsa chala."

Chitsirizira anachotsa chala, koma funso lija silinachoke pa kagalasi ka kamera. Panali kachithunzi ka bini ya zinyalala, ndipo pansi pake panali mawu awiri, inde ndi ayi. Amodzi anali owala chikasu, koma iye sanadziwe ngati owalawo ndi omwe asankhidwa kapena omwe asiyidwa. Pakona, kachizindikiro ka batire kankaphethira mofiira.

Bambo awo anamwalira dzana, ndipo mawa kunali kuika maliro. Wosindikiza zithunzi anali atanenetsa kuti ngati akufuna chithunzi chachikulu choika pa bokosi, chimufike isanakwane folo koloko. Apa n'kuti thu koloko itadutsa kale.

M'nyumba monse munalibe chithunzi cha malemu chooneka nkhope. Cha ukwati chinadyedwa ndi chinyontho kalekale, chinangotsala nsapato ndi maluwa. Mwana akawaloza ndi foni, bambowo ankatembenuka n'kunena kuti kalipentala sajambulidwa, chimajambulidwa ndi mpando. Chiyembekezo chinangotsala mu kakamera kasiliva aka, komwe anakapeza m'bokosi la zipangizo, katakulungidwa mu sokosi pakati pa tchizulo ndi misomali.

"Ndinakuuza kuti undipatse ine," anatero achimwenewo.

"Inuyo mumaidziwa?"

"Ndinagula ndine."

"Kugula munagula. Munawaphunzitsa?"

"Ndinawasiyira kabuku."

"Kabuku ka zilembo ngati nyerere, munthu wa maso aja?"

Achimwenewo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa chiphaso chakale cha kuntchito cha malemu. Panali mnyamata wa tsitsi lambiri, khosi lowonda, maso otuzuka ngati wagwidwa akuba.

"Tingokulitsa ichi, nkhani ithe. Nthawi yatha."

Amayi awo anali khale pamphepete pa bedi, manja ali pamiyendo. Anayang'ana chiphasocho kamodzi kokha.

"Amene ndikuika mawa si ameneyo," anatero. "Uyo ndinali ndisanamuzolowere n'komwe."

Kuchipinda chochezera anthu odzapepesa anayamba nyimbo ina. Chitsirizira anali ndi mantha enieni, oti chala chake chomwechi chiwachotsa bambo ake kachiwiri. Anatseka maso n'kudina kabatani kozimitsira. Diso la kamera linabwerera mkati ndi kaphokoso kolira. Anawerenga mpaka khumi, n'kuyatsanso.

Funso lija linali litachoka. Zithunzi zinalipo, mazana awiri ndi khumi ndi zinayi.

Anayamba kuzidutsa chimodzichimodzi, akudina ndi nsonga ya chikhadabo. Mpando. Mpando womwewo chakumbali. Tebulo lomwe kuwala kwa fulashi kunaliyeretsa mbuu. Chala chachikulu cha malemu chitatseka theka la kabati. Simenti ya pansi, kasanu konse. Kenako denga.

"Mwaona?" anatero achimwenewo. "Mipando yokhayokha."

Cha kumapeto kunabwera benchi yatsopano, itaikidwa kukhoma la shedi yomwe malemu ankagwiriramo ntchito. Chithunzi choyamba benchiyo inali yokha. Chachiwiri panali msana wa munthu akuthamangira ku benchiyo. Chachitatu munthuyo anali akukhala, atasanduka utsi.

"Anapeza okha koika nthawi kuti izijambula yokha," anatero Chitsirizira chapansipansi.

Chachinayi anali malemu. Anavala malaya oyera a ku tchalitchi, tsitsi la imvi litapesedwa, manja ali pamaondo. Koma anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, kumanzere, phewa litatsala pang'ono kutuluka m'chithunzi. Mbali yonse ya kumanja inali thabwa ndi khoma basi. Chotsatira chinali chimodzimodzi, chinanso chimodzimodzi.

"Kulunjika kunkawavuta," anatero achimwenewo.

Chitsirizira anatembenuza kamera kuti amayi ake aone. Amayiwo asanaweramire n'komwe, kagalasi kanada bii.

Chitsirizira anadina, anagwedeza, anatulutsa batire n'kulipukuta pa siketi. Sizinathandize. Chaja ya batire anaifuna m'madirowa, pansi pa matiresi, m'matumba a ovolosi, mpaka achimwene anakhuthulira misomali yonse pansi. Anapeza zingwe zitatu, zonse za zinthu zina.

"Ndiye kuti zapita?" anafunsa amayi.

Palibe mwa ana awiriwo amene ankadziwa.

"Tiyeni nayo kwa wosindikiza momwe ililimu," anatero Chitsirizira.

Amayi anaimirira n'kuyamba kufuna nsapato zawo ndi phazi.

"Amayi, simungatuluke," anatero achimwene. "Nyumba yadzaza. Anthu aziti chiyani?"

"Anene. Mwamunayo ndi wanga."

Anatulukira khomo la kuseri, kudutsa pa shedi. Benchi ija inali pomwepo, anthu ataunjikapo mbale zotsukidwa.

Shopu ya wosindikiza inali yopapatiza, yonunkha inki, ndipo wotchi ya kukhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti folo koloko ikwane. Mwini wake, bambo wa magalasi okhuthala, anamvetsera nkhani ya batire mpaka kumapeto. Kenako anatsegula kachitseko ka pansi pa kamera n'kusolola kakhadi kochepa ngati chikhadabo.

"Zithunzi sizikhala mu batire, achemwali," anatero. "Zimakhala umu."

Chitsirizira anatsamira kauntala. Anachita manyazi, koma mpumulo unaposa manyaziwo.

Pa kompyuta malemu anaoneka aakulu, mpaka chipsera cha pachibwano chinkaoneka. Amayi anagwira pakamwa.

"Ichi chili bwino," anatero wosindikiza. "Kungoti anakhalira kumbali. Ongoyamba kumene amatero. Ndidula kopanda kanthuku, iwowa abwere pakati." Anakoka mzere n'kuzunguliza mutu ndi mapewa. "Koma taimani. Chotsirizachi si chithunzi. Anapotoza kagudumu molakwika, inajambula kanema."

"Tilibe nthawi," anatero achimwene.

"Tsegulani," anatero amayi.

Panaoneka mimba ya malaya oyera ili pafupi, kenako malemu akuthamangira ku benchi motsimphina. Anakhala kumanzere kuja, anawongola msana, n'kuuma gwa kudikira kuti kamera ilire. Inangokhala chete. Anadikirabe, kumwetulira kukuwathera pang'onopang'ono.

"Iwe, jambulatu," anaiuza kamera.

Chitsirizira anaseka mosafuna, misozi ili kale m'masaya. Anali asanaganize kuti adzamvanso mawu amenewo.

Ataona kuti palibe chikuchitika, malemu anapisa m'thumba n'kutulutsa tepi yoyezera. Anayeza malo opanda munthu aja kuchokera pa ntchafu yawo mpaka kumapeto kwa benchi, anayang'ana nambala, anayang'ana kamera, n'kusunthira kumanzere pang'ono. Kenako anatenga kampango n'kupukuta utuchi pamalopo, kawiri.

"Akwana," anadziuza okha. "Nkhani ndi yoti avomere kukhala pansi, mayi ameneyu."

Anaimirira, mimba ya malaya inadzazanso galasi, ndipo kanemayo anathera pomwepo.

Achimwene anabweza chiphaso chija m'thumba mwakachetechete.

"Anandiitana Lamlungu," anatero amayi. "Akuti bwera ukhale apa mphindi imodzi. Ine ndinati ndili ndi zochapa, tidzapanga mawa. Sabata yathanso anandiitana. Ndinkayesa akufuna ndiyese ngati benchi ikugwedera."

Wosindikiza anayang'ana wotchi, kenako anabwerera ku chithunzi chija. Mzere wake unali ukadali pomwepo, utazungulira mutu ndi mapewa.

"Ndidule, mayi?"

"Musadule."

"Amayi," anatero achimwene mofatsa, "pa bokosi chidzaoneka ngati cholakwika. Theka lonse lopanda kanthu."

"Bambo ako anayamba alakwitsapo muyezo?"

Makina anakoka pepala n'kulitulutsa pang'onopang'ono, kuyambira kumanja. Linayamba kutuluka khoma, kenako thabwa lalitali lopanda munthu, ndipo pomalizira pake malemu. Wosindikiza analiika mu fulemu n'kulipereka ndi manja awiri.

Amayi analandira. Pagalasi, chakumanja, panali kafumbi. Anakapukuta ndi nsonga ya mpango wawo, kawiri, n'kusiya dzanja lawo pamalopo.