Mpira wa a Pettifer

Lolemba m'mawa, Miriam atatsika basi ku Romford n'kulowa m'nyumba yosamalira okalamba imene ankagwirako ntchito, anapeza anzake akuyang'anana cham'mbali. Ati mpira wa a Pettifer wabedwa.

A Pettifer anali gogo wa zaka 92, ndipo nkhani yawo inali imodzi basi. Miriam ankaimva tsiku lililonse akamawameta ndevu. Bambo awo ankalipidwa posewera baseball nkhondo yachiwiri isanayambe, masewerawo akadali achilendo kuno. Anali wosewera, anali kochi. Ankaponya okha mpira, kusankha okha timu, ndipo dzanja likatopa ankadzitulutsa okha m'bwalo, uku akudzikalipira. Timuyo inatha pasanathe zaka zitatu. Chinatsala ndi kampira kachikopa kokhala pawindo, kakuda bii ngati kagwera m'makala.

Lamlungu mdzukulu wa a Pettifer, Nicole, anabwera ndi munthu wolemba mbiri ya masewera, n'kupeza pawindopo pali mpira woyera mbee. Weniweniwo, anatero Nicole kwa manijala, unali ndi mayina a osewera onse, olembedwa ndi dzanja la kochiyo. Wina wausinthanitsa.

Zala zonse zinaloza Bonface, bambo wa ku Dedza amene anali atangoyamba kumene ntchito. Wina anamuona Lachisanu ataugwira, akuutembenuza.

Loweruka, atamva kuti kubwera alendo, Miriam anakonza chipinda cha a Pettifer monga anamulerera kwawo ku Ntcheu, kumene alendo sapeza litsiro m'nyumba ya munthu wamkulu. Anatenga sopo ndi siponji, n'kuukwecha mpirawo mpaka mkono kuwawa. Timizeremizere timene tinali pampirapo ankatiyesa nkhungu. Mpakana ankayembekezera kuyamikiridwa, mwana wa munthu!

Tsono viza yake inamangirizidwa pa ntchito imeneyi. Akamuchotsa, ndiye kuti ana ake awiri atsanzike sukulu ku Woolwich. Bola Bonface alibe ana kuno, anadziuza choncho, manyazi akumugwira. Komanso ankadziwa kuti dzina la wakuba likakumata, palibe nyumba ina ya okalamba ingakulembe ntchito.

Chimene chinamusowetsa mtendere n'chakuti Bonfaceyo sankadziteteza. Ankangogwira ntchito phee. Miriam akatembenuka, ankamupeza akumuyang'ana. Kodi akudziwa? Kapena akufuna amutchule pamaso pa manijala kuti zimupweteke bwino? Pa nthawi ya tiyi Bonface anamukankhira shuga, Miriam n'kuona ngati ndi msampha.

Itakwana 2 koloko manijala anaitanitsa Bonface ku ofesi, Nicole ali kale mkatimo. Miriam anamupeza m'khonde akukonza kolala ya yunifolomu.

"Achimwene, mpira uja simunabe."

"Ndikudziwa, achemwali. Siponji munaisiya m'sinki ya a Pettifer, yakuda bii. Ndinaitaya ndine."

"Ndiye bwanji simukunena?"

"Ndinawaona ana anu ku tchalitchi. Wamng'ono uja amaimba bwino."

Miriam anafuna kulira, koma mkwiyo unayamba ndiwo kubwera, mkwiyo wodzikwiyira yekha. Tsiku lonse wakhala akumukayikira munthu amene amafuna kumusenzera mlandu. Chitseko chinatseguka, manijala n'kutchula dzina la Bonface.

Miriam anamugwira mkono Bonface.

"A Pettifer akufuna kutembenuzidwa, pitani mukawathandize," anatero.

Analowa yekha mu ofesimo, natseka chitseko.