Khomo Lopanda Sitepe

Mayi wina, telala, sankafuna nyumba yokongola ayi. Ankafuna khomo lopanda sitepe, basi. Chigwereni ndi sitiroko, amuna ake, amene kale ankayendetsa malole, ankangokhala pa chikuku, ndipo nyumba ya lendi imene ankakhalamo inali ndi masitepe osayamba. Bambowo ankatha mwezi wathunthu osalilawa dzuwa. Ndiye ndalama za penshoni zitatuluka, mayiyo anauza ejenti wa nyumba mosapsatira: "Mundipezere kanyumba kogula, kachepe bwanji, koma pakhomo pakhale posalala, chikuku chizingodutsa."

Ejenti anasowa milungu ingapo, kenako anatulukira mano ali mbee. "Mayi, Mulungu wanu sagona!"

Kanyumbako kanali kunja kwa tauni, kumunsi kwenikweni kwa msewu wotsetsereka, pa mzere wa tinyumba tofanana ngati tobadwa bere limodzi. Chipinda chimodzi, pabalaza, kakhitchini, penti akununkhabe. Pakhomo panali see, simenti yake yatsopano. Nyumba zina zonse pamzerepo zinali ndi kachipupa kofika m'mawondo kotchinga khomo, moti polowa munthu ankachita kukweza mwendo ngati akukwera njinga.

"Anthu akuno amaweta nkhumba m'nyumba kapena?" anatero telala, akuseka.

Ejenti anaseka kuposa iye. Ndipo mayiyo sanafunsenso kanthu. Munthutu ukapeza chimene wakhala ukuchilirira, mafunso amathawa okha. Anasaina, anagula.

Ha, bambowo anasangalala! M'mawa uliwonse ankadzikankha okha ndi dzanja lawo labwino lija mpaka panja, n'kumaothera dzuwa, kupatsa moni aliyense ngakhale lilime linali lolemera. Telala ankawaonera pawindo akupalasa makina ake, mtima uli m'malo.

Amene anamudula mtima anali mayi wa saluni wa khomo loyandikana nalo. Anabwera kudzachepetsa siketi, anaima pakhomo, n'kumayang'ana pansi.

"Aneba, kachipupa kaja mukamanganso liti? Mitambotu yayamba iyi."

"Kachipupa kati?"

"Iii, sanakuuzeni? Kanalipo apa, ngati kathu komwe. Ejenti uja anabwera ndi anthu a nyundo, kugumula, kupaka simenti, inu musanabwere kudzaona. Kuno mvula ikagwa kumtunda uko, madzi onse a m'tauni amadzathera m'misewu yathu ino. Amene ankakhala muno anathawa zomwezo."

Telala anaimitsa makina. Anayang'ana khoma, ndipo tsopano anauona mzere umene penti analephera kuubisa bwinobwino, wozungulira pabalaza ponse, wofika m'chiuno.

Amuna ake sanawauze. Akanayamba bwanji? Kumanga kachipupa kunali kuwatsekeranso m'nyumba, kusamanga kunali kudikira madzi. Ankati mawa ndiitana womanga, mawa likafika n'kuwaona bambowo akuseka ndi anthu panja, n'kunena kuti mkuja. Mantha anamulowa m'mafupa. Ankasoka maso ali kumwamba, mpaka anasokera mkono wa malaya a kasitomala chagada. Lole ikagunda pamsewu, iye phazi lichoke pa makina, kuyesa bingu.

Mvulayo inabwera masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kwawoko sinagwe yambiri n'komwe. Kumtunda ndiye kunada bii. Telala anawalowetsa bambowo msangamsanga, iwo akudandaula kuti timadontho tomweti. Kenako anamva mkokomo. Atasuzumira, anaona msewu wonse ukutsika: madzi ofiira, atasenza mabotolo, masilipasi, chitseko cha chimbudzi cha wina.

Anatseka chitseko, n'kutsindira nsalu za makasitomala kunsi kwake. Madzi analowa ngati kwawo. Anafika mu akakolo, anafika m'mawondo, chikuku chinayamba kuyenda chokha.

"Gwirani khosi langa, bambo! Ndikukwezeni patebulo!"

Koma munthu wofa mbali imodzi amalemera, inu. Anawanyamula, phazi linaterereka, onse awiri khuvuu! Bambowo anagwera mbali yakufa ija, nkhope m'madzi. Telala anawagwira kolala, anawadzutsa mutu, n'kuutsamiritsa pachifuwa pake atagwada. Iwo ankatsokomola matope, diso lawo lili tong'oo pa iye. Madzi anali atamufika m'chiuno chogwadacho, akukwerabe, ozizira. Akanawasiya kuti akatsegule chitseko, akanamira. Kukhala pomwepo, akanamira onse.

"Mayo ine! Anthu inu! Ndithandizeni, akufa!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Ankangoona mzere uja pakhoma, madzi akuuyandikira, ndipo ankadziwa kuti mitu yawo inali kunsi kwake.

Chitseko chinagunda kawiri, n'kutseguka. Anali mayi wa saluni, siketi atakwinyira m'chiuno, pamodzi ndi amuna ake, owotcherera zitsulo, ndi mlamu wawo. Amuna awiriwo anawanyamula bambowo wina kumapewa wina kumiyendo, anatuluka nawo atatsamira khoma kuti madzi asawakokolole, mpaka pa khomo loyandikana nalo. Anawadutsitsa pamwamba pa kachipupa kaja, kamene telala anakaseka. Madzi anali atatsala pang'ono kukapitirira, koma m'katimo munali mouma, mphaka ali gone pampando.

Telala anakhala pansi n'kulira ngati mwana.

Dzuwa lisanalowe madzi anali ataphwa. Anabwerera kwawo n'kupeza matope okhaokha, makina osokera atagwa chammbali, chikuku chili kukhitchini. Anachitsuka, anapita nacho kwa aneba, anawakhazikapo amuna ake, atawafunditsa bulangete la eni nyumba. Poti alowe, bambowo anagwira tayala ndi dzanja labwino lija, chikuku chinaima pakhomo penipeni. Madzi anali atakokolola simenti yatsopano ija, ndipo chipsera cha kachipupa chinkaoneka kuchoka mbali ino kufika mbali inayo.

"Ndinkadziwa, bambo," anatero telala. "Anandiuza aneba. Ndinkaopa kukutsekerani."

Bambowo anayang'ana pamalo pawo poothera dzuwa, pamene tsopano panali mulu wa zinyalala. Anayang'ana mawondo a akazi awo, osupuka, akuchucha magazi. Mawu anatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Mawa muitane womanga, mayi. Dzuwa ndizilionera pawindo."