Nsapato za Julius ku Linga la Himeji

Julius anabadwira ku Zingwangwa, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Boma linamuponya ku Phalombe, ku ofesi ya zaulimi. Iye ankati ndi chilango. Msika wa Migowi, fumbi lokhalokha. Maminibasi, zitini zoyenda. M'boma lonselo chinamukomera n'chimodzi: Fyness, mphunzitsi wa ku Mkhumba.

Ankafuna kumukwatira n'kupita naye m'tauni. Koma kwawo kwa Fyness mwamuna ndiye amasamuka, n'kukamanga kwa mkazi. Kuti amutenge, panafunika chilolezo cha amalume ake a mtsikanayo, a Fraser. Tsono a Fraserwo Julius anali atawalakwira kale. Tsiku lina m'dzinja anakumana nawo akuwoloka dambo popita kutchalitchi. Buluku atapinda, nsapato zili m'jumbo.

"Madala, nsapato zimavalidwa kuphazi," anatero Julius ali panjinga yamoto. Anaseka yekha. A Fraser anangopitiriza kuwoloka.

Kenako kunagwa mwayi: maphunziro a ulimi wa mpunga ku Japan. Anasankhidwa awiri, iye ndi Maggie wa mu ofesi momwemo. Anawauza kuti tsiku lina adzakaona linga la Himeji, nyumba ya mafumu akale ankhondo. Julius anaona potulukira. Chithunzi chimodzi basi. Iye m'nyumba ya mafumu, suti, nsapato zowala. A Fraser akachiona adzamvetsa okha kuti munthu wotere sangakhale mkamwini m'matope a ku Mkhumba.

Nsapatozo anakagula ku Limbe. Zosongoka, zofiirira, zolira poyenda. Masokosi sanawaganizire. Amaona masokosi ndani?

Atafika ku Japan, tsiku lija linakwana. Lingalo linali loyera mbee, pamwamba pa chitunda, madenga osanjikizana. Njira yokhotakhota, zipata zothina. Wowatsogolera anati anamanga choncho dala kuti adani azisochera. Julius anatsonya. Ndirande nayo ndi yotero, koma palibe amalipira kuti akaione.

Pakhomo panaima mayi wachikulire. Anawerama mwaulemu, n'kumupatsa jumbo yoyera. Analoza kumapazi.

"Akuti chiyani amenewa?"

"Vulani, achimwene," anatero Maggie. "Muno salowa ndi nsapato. Matabwa ndi akale."

"Auze kuti ndine ofisala wa boma."

"Uyo wavula uyo ndi pulofesa. Vulani, mukuchedwetsa mzere."

Anavula. Chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi lakumanja. Lakumanzere linalibe chidendene.

M'katimo munalibe kanthu. Mpando wa mfumu, ayi. Golide, ayi. Ngakhale kapeti. Zipinda zamdima, mizati yakuda, mokoleka mfuti mopanda mfuti. Pansi pozizira ngati simenti ya mu Juni. Masitepe oimirira ngati makwerero a nkhokwe, oterera. Anapinda buluku kuti asaliponde. Pokwera, mutu unakumana ndi mtanda wa denga. Gu! Kamwana ka sukulu kanamupepesa m'chinenero chawo.

"Mafumu ake ati amenewa?" anadandaula akusisita chipumi. "Kwathu nyumba yotere timayanikamo fodya."

"Kwanu kuti? Ku Zingwangwa mumalima fodya?" anafunsa Maggie.

Julius anapitiriza kukwera.

Pamwamba penipeni panali kachisi kakang'ono ndi mawindo. Basi. Anthu akwera mtunda wonsewo kuti aone mzinda umene angochokamo. Julius anaima pawindo, wefuwefu, thukuta m'khosi. Anafuna poisiya jumbo. Panalibe. Aliyense anali atanyamula yake.

"Undijambule kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba," anamuuza Maggie. "Wamva? M'chiuno."

"Ndamva, bwana."

Anatulutsa chifuwa. Anayang'ana kutali ngati mwini malo.

"Nditumize kwa alamu?"

"Tumiza. Uwauze akaonetse amalume awo."

Sanapemphe n'kuchiona komwe. Maganizo anali pa masitepe aja, kuti atsika bwanji.

Yankho linawapeza m'basi pobwerera. Uthenga wa mawu, wochokera kwa Fyness. Kumbuyo kwake kunkamveka anthu akuseka, wina mpaka kutsokomola.

"A Julius, chithunzi chafika. Amalume achiona. A kwaya nawo achiona. Ndiye akuti ukwati alola."

Julius anakweza foni kuti Maggie amve bwino.

"Akuti ankaopa kuti inu a m'tauni simungapirire kuno. Koma aona okha. Buluku mumatha kupinda, jumbo mumaigwira ngati mwana wa konkuno. Ndiye zonditengera ku Blantyre akuti muiwale. Malo omangapo adzakuonetsani mukabwera, kutsidya kwa dambo lija. Masokosiwo musataye, ndidzasoka."

Apo m'pamene anatsegula chithunzicho. Munthu yense, kuyambira chotupa cha pachipumi mpaka chala chija. Nsapato za ku Limbe zikuonekera m'jumbo.

Anatembenuka. Maggie anali atakanikiza nkhope pawindo.

"Taonani mpunga wawo, achimwene," anatero. "Muphunzire. Mukaulima ku Mkhumba."