Wotchi Isaime

Shopu yanga ndi kachipinda ka pansi pa masitepe, pakati pa wosoka nsapato ndi wojambula zithunzi za ziphaso. Masana dzuwa limalowera pawindo n'kudzagona patebulo, fumbi n'kumayandama m'kuwalako, mawotchi makumi anayi akulira iliyonse nthawi yakeyake. Ukakhalamo zaka makumi atatu ngati ine, sudziwanso ngati uli maso kapena ukulota.

Mayi ena analowa nthawi ngati imeneyo, akupapasa chitseko. Maso awo onse awiri anali ndi ng'ala. Anati adokotala awauza kuti angathe kuonanso, bola opaleshoni ichitike mwezi usanathe, ndiye abwera kudzagulitsa wotchi ya amuna awo. Malemuwo ankayendetsa sitima. Atapuma pantchito anagula wotchi yagolide, ija ya anthu osadziwa mtengo wa basi, n'kunena kuti imeneyi ndiyo nkhokwe yawo, tsiku la mavuto idzawawombola.

Anaitulutsa m'kampango. Inawala mpaka ndinaphethira, ndipo ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Nditaika galasi padiso ndinapeza ngodya zonse zitasalala ngati sopo wotsalira, nambala yakumbuyo itafufutika theka. Ndinafunsa kuti amaisamala bwanji. Anayankha monyadira kuti Loweruka lililonse, kwa zaka khumi ndi ziwiri, amaikwecha ndi mankhwala owalitsira masupuni. Nanga bokosi lake ndi mapepala? Bokosi anapatsa mdzukulu kuti azisungiramo makrayoni, mapepala anapita ndi zinyalala posamuka.

Ndinamva chisoni, ndinapsanso mtima, koma ukalipira ndani? Wogula wotchi yodula safuna nthawi, nthawi ili pafoni. Amafuna ngodya zakuthwa, nambala, bokosi ndi pepala la chidindo. Zimenezi zikasowa amangoika golide pasikelo ngati nyemba. Mtengo umene ndinawauza sunkakwanira ngakhale diso limodzi.

Sanadandaule. Anayamba kupinda kampango kaja pang'onopang'ono, ndipo m'pamene ndinaona pamkono pawo wotchi ina yachimuna, yachitsulo, lamba wake ataboola ndi msomali kuti iwakwane. Inali ya kampani yomweyo, koma yapansi penipeni, ija munthu amagula akalandira malipiro oyamba kuti anzake amuone. Nkhope yake, imene kale inali yakuda, inali itasuluka n'kukhala ngati tiyi wopanda mkaka. Zamtunduwu anazipanga zaka zochepa chabe, ndipo masiku ano osonkhanitsa mawotchi amazisaka ndi nyali, zokandikakandika momwemo, zosakhudzidwa ndi nsanza. Nditafunsa, anati bokosi lake lilipo, chifukwa malemu ankasungiramo makalata a pachibwenzi, lisiti lili pansi pake.

Ndinawauza zoona: wotchi yachitsuloyi ikanalipira maso onse awiri, n'kutsalako ya magalasi.

Anaphimba wotchiyo ndi dzanja linalo.

"Iyi ayi, bambo. Ilibe batire, imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono. Tsiku limene anatisiya, anesi atawavula, ine ndinaivala pomwepo. Zaka zitatu tsopano, sinaimepo. Mphamvu ya mkono wawo ikadali m'menemu."

Inali itatsalira m'mbuyo ndi ola lathunthu. Anati mwana wawo wamkazi amawaseka kuti akuyenda ndi wotchi yabodza, koma salola munthu kuikonza, popeza malemu anawauza kuti ukakoka kachitsulo kam'mbali, mtima wake umaima. Nthawi sankaiona n'komwe, ankangoika pakhutu. Ine ndimadziwa kuti mphamvu ya mkono imatha pa masiku awiri, koma si zonse zimene munthu umadziwa zoyenera kutuluka pakamwa.

Anakhala pampando mpaka dzuwa linachoka patebulo n'kukwera khoma. Wosoka nsapato anagogoda, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenako anamasula lamba uja, napapasa mpaka anapeza dzanja langa, nandiveka okha.

"Ndikufuna ndione nkhope ya mdzukulu wanga. Koma isaime, bambo."

Ndinalonjeza. Ndinawapatsa mtengo wonse, ndipo ogula akabwera ndinkawauza kuti inagulidwa kale, zomwe sizinali bodza kwenikweni. Mayi a kunyumba ankandiseka kuti mwini shopu yodzaza mawotchi wasankha yooneka ngati yatoledwa m'ngalande. Ndinkangoti kukongola kwake simungakuone opanda galasi.

Koma ndinali ndi mlandu mumtima. Tsiku lomwelo, mayi aja atangotuluka, ndinayang'ana pamkono, ndinayang'ana pakhoma, ndipo zala zanga zinachita zimene zachita zaka makumi atatu. Zinakoka kachitsulo kaja, zinazunguza mivi, zinakankha. Pamene mutu unkadzidzimuka n'kuti ntchito itatha. Ndinkadzitonthoza kuti mwina sadzazindikira.

Anabweranso patatha milungu isanu ndi umodzi, atavala magalasi, osapapasa chitseko. Anaima pakati pa kachipindako n'kumayang'ana fumbi likuyandama padzuwa ngati mwana woona mvula koyamba. Anati ankaganiza kuti ndine mnyamata, kumva mawu, osadziwa kuti mutu wonsewu ndi imvi. Tinaseka. Kenako anapempha dzanja langa.

Anaiyang'anitsitsa wotchiyo nthawi yaitali, chikande chilichonse, akutchula kuti ichi ndi cha chitseko cha sitima, ichi ndi cha tsiku lija ankakhoma denga. Atatero anakweza maso pa wotchi yaikulu yapakhoma, n'kuwabwezanso pamkono panga. Mivi inali pamalo amodzimodzi.

"Mwaikonza."

Ndinavomera. Ndinati si ine, ndi zala, koma ndinamva ndekha kuti mawuwo ndi opanda mchere. Manyazi anandigwira ngati mwana wopezeka ndi shuga pakamwa.

"Inaima nthawi yaitali bwanji?"

"Kupuma kamodzi, mayi. Mwina kawiri."

Anakokera mkono wanga kukhutu kwawo monga ankachitira kale, natseka maso awo atsopanowo. Misozi inatsika pansi pa magalasi, koma nkhope inali yomasuka.

"Ndiye apumako," anatero. "Munthu anapuma pantchito kalekale, ine n'kumamuyendetsabe zaka zitatu osaima pasiteshoni."

Anandibwezera dzanja langa, napukuta magalasi ndi kampango kaja, natuluka kukakwera masitepe osagwira khoma.