Kapini ka M'thumba la Papa Teariki

Gudumu lakumbuyo la njinga yamoto linali litagona pa udzu, tcheni chakale chili pambali, pamene Tutai anaimitsa galimoto pamsewu n'kusuzumira pawindo.

"Alamu, galaja mwatsegula liti? Bweretsani kwathu njingayo, mudzaitenga mawa."

"Iwe ukuyamwa, ine n'kuti ndikumasula kale mainjini a maboti," anayankha Papa Teariki osadzutsa mutu.

Tutai, mlongo wa akazi awo yemwe anali makaniko, anaseka n'kunena kuti ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Kenako anapitiriza ulendo wake wa ku Avarua.

Njinga yamotoyo inali ya Ngametua, mwana wawo womaliza, yekhayo amene sanasamukire ku Auckland ngati abale ake. Chaka chimenecho mudzi wa Titikaveka unamusankha kuti atsogolere atsikana pa gule wa chikondwerero cha mu Ogasiti, ndipo madzulo aliwonse ankapita kokayeserera pa njingayo. Tcheni chinali chitayamba kuvuka, ndiye bambo ake anafuna kumukonzera ndi manja awo.

Ntchito inkayenda bwino. Anaika tcheni chatsopano, anabwezera gudumu, ndipo ankalumikiza kachitsulo kokoka buleki yakumbuyo pamene akazi awo, Mama Vaine, anakuwa kuti nkhumba yadula chingwe n'kulowa m'munda wa taro wa aneba. Papa Teariki anaponya m'thumba zomwe zinali m'manja n'kuthamanga. Atabwerako, thukuta lili kamukamu, anayang'ana njinga ija n'kuona ngati zonse zili m'malo. Analiza injini, inalira bwino. Ngametua anawapsompsona patsaya, n'kuwauza kuti amalume a Tutai angotseka galaja yawo basi, ndipo ananyamuka.

Pokhota cha ku Muri, galu anadumphira mumsewu. Ngametua anaponda buleki, phazi n'kungotsika popanda chogwira. Anafinya yakutsogolo mwamphamvu pamalo pamchenga, njinga inaterereka n'kumugwera pabondo.

Adokotala anati bondolo laphwanyika moti likufunika opaleshoni ku Auckland. Kuyenda adzayenda, koma za gule aiwale. Aliyense ankatukwana galuyo, ndipo Papa Teariki ndiwo ankakweza mawu kuposa onse, kuti eni agalu osamangirira ayenera kulangidwa.

Mama Vaine akuchapa kabudula wa amuna awo anapeza kapini kopindika m'thumba. Posadziwa ntchito yake, anangokaika patebulo. Tsiku lomwelo Tutai anabweretsa njinga ija, yomwe anakaitola pamalo a ngozi. Atalowa m'nyumba anaona kapini kaja, anakanyamula n'kukatembenuza, ndipo nthabwala zonse zinamuthera.

"Sindinauze munthu, alamu," anatero motsitsa mawu. "Kachitsulo ka buleki kanasololoka. Chokagwira ndi ichi."

Papa Teariki anakhala pansi. Mama Vaine analira, koma atapukuta misozi anati nkhaniyo ithere m'nyumba momwemo. Madzi akatayika saoleka, ndipo mwanayo ululu umene ali nawo wamukwanira. Tutai anavomereza. Papa Teariki anaimirira. Anasamba, anavala malaya a kutchalitchi, n'kupita kuchipatala.

Anapeza Ngametua atatsamira pilo, akutunga tizigoba ta m'nyanja pa chisoti chovinira. Ankachimalizitsa kuti akapatse mtsikana amene analowa m'malo mwake. Bambo ake anaima kumiyendo kwa bedi n'kufotokoza zonse, za nkhumba, za thumba, za injini imene analiza osayesa n'komwe kuponda buleki.

Ngametua anapitiriza kutunga kwa kanthawi mpaka singano inamulasa chala.

"Masiku onsewa ndimadana ndi galu uja, Papa, ndipo zimandithandiza kugona," anatero osawayang'ana. "Tsopano ndidane ndi ndani?"

Mwanayo anapempha kuti ku Auckland apite ndi amayi ake okha.

Ku bwalo la ndege analola kuti bambo ake amuveke nkhata ya maluwa m'khosi, koma maso ake anali pa ndodo zoyendera zimene zinali pamiyendo pake. Chikondwerero chinafika, mudzi wonse unapita, Papa Teariki anatsala kunyumba kuti adyetse nkhumba.

Njinga ija anaikonzanso pang'onopang'ono, Tutai ataima pambali. Chilichonse chimene amasula ankachiyala pansalu yoyera, ndipo sankakhudza kiyi mpaka nsaluyo itatsala yopanda kanthu. Itatha anaiphimba n'kuiimika pakhonde.

Lamlungu lililonse Mama Vaine ankaimba foni. Ankafotokoza za opaleshoni, za kuzizira, za adzukulu amene akula. Papa Teariki ankamvetsera zonsezo, kenako n'kufunsa ngati angalankhule ndi mwana.

"Wagona, bambo," ankatero Mama Vaine. "Mwina sabata yamawa."